Botolo la haidirojeni pa injini ya petulo: kuyeza, kumanga ndi kuona ngati likukupindulirani

Anyamata a mushikashika, tigalimoto ting'onoting'ono tonyamula anthu ngati taxi, ndi madalaivala a makombi akhala akundifunsa za kabotolo kamene akuti kamasandutsa madzi kukhala mafuta a galimoto. Ogulitsa amakatchula HHO kit, ndipo amalonjeza kuti petulo azitha pang'ono, utsi uchepa, injini izikoka ngati yatsopano. Ine ndine wa magetsi a galimoto kuno ku Highfield mu Harare, cha ku Gazaland. Zida zimenezi ndazimangapo, ndazimasulapo, zina zabwera pa galaja zitasungunuka kale. Ndalemba izi kuti achimwene a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara amene amandifunsa pa foni awerenge modekha ali khale kunyumba.

Ndinene poyera musanafike patali. Pa galimoto ya injekishoni imene ili bwinobwino, ine sindikhulupirira kuti botololi limapulumutsa petulo. Koma galimoto ndi yanu, ndalama ndi zanu, ndipo akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, im'fotere yekha. Ngati mwatsimikiza kuyesa, ndikuuzani mmene mungamangire osapsa nayo galimoto, komanso mmene mungayezere kuti manambala anu omwe akuuzeni zoona.

Zimene zimachitika m'botolomo

Mkati muli timalata ta chitsulo chosachita dzimbiri, totalikirana pang'ono, tili m'madzi osakaniza ndi mankhwala othandiza magetsi kudutsa. Magetsi akadutsa, madzi amagawika kukhala haidirojeni magawo awiri ndi okosijeni gawo limodzi. Mpweya wosakanikiranawo ndi umene akuutchula HHO, ena amati Brown's gas potengera dzina la Yull Brown amene ankaulengeza kwambiri ku Australia. Umadutsa m'kapaipi n'kukalowa mu injini limodzi ndi mpweya wamba.

Palibe matsenga pamenepa. Michael Faraday analemba malamulo a ntchito imeneyi cha m'ma 1833, ndipo mpaka lero sanasinthe. Kuchuluka kwa mpweya kumadalira ma amp amene adutsa ndi chiwerengero cha mipata ya timalata, basi. Kit yabwino ya galimoto ya ma volt 12 imakhala ndi mipata isanu ndi umodzi, kuti mpata uliwonse uzilandira ma volt awiri ndi pang'ono. Mukaidyetsa ma amp 15, imatulutsa pafupifupi lita imodzi ya HHO pa mphindi. Kaya mwagula ku China, kaya akupangirani ku Siyaso, kaya timalata tapukutidwa mpaka kuwala, malire ake ndi amenewo.

Tsopano tiwerenge ndalama zake, chifukwa apa ndi pamene ogulitsa amadumpha mwachangu. Ma amp 15 pa ma volt 14 ndi ma watt 210. Magetsi amenewa sachokera kumwamba, amachokera ku alitaneta, ndipo alitaneta imalemera pa lamba mukamaikamula kwambiri. Alitaneta ya galimoto imataya pafupifupi theka la mphamvu imene yalandira ngati kutentha, choncho kuti ipereke ma watt 210, injini iyenera kuipatsa cha m'ma 380, lomwe ndi theka la horsepower. Injininso imasandutsa gawo limodzi lokha mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya petulo kukhala kukoka. Mukaphatikiza zonsezi, botolo likukudyerani petulo wokwana pafupifupi mamililita 140 pa ola. Nanga likubweza zingati? Haidirojeni wa mu lita imodzi ya HHO pa mphindi amalemera magalamu atatu ndi theka okha pa ola lonse, ndipo akayaka amalowa m'malo mwa petulo wosakwana mamililita 15. Zili ngati kusintha madola kupita ku ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, pa msewu, kenako n'kusinthanso kubwerera ku madola: pamene mwadutsa paliponse mwasiyapo kenakake, ndipo simungabwerere kunyumba ndi zochuluka kuposa zimene munatuluka nazo. Kwa munthu woyenda maola khumi pa tsiku pakati pa tauni ndi Chitungwiza, kusiyanako kumapitirira lita imodzi.

Ogulitsa ochenjera amavomera masamu amenewa, n'kunena kuti ntchito ya haidirojeni si kulowa m'malo mwa petulo koma kuthandiza petulo kuyaka msanga. Apa pali kachoonadi. Haidirojeni amayakadi mofulumira kwambiri kuposa petulo, ndipo amayaka ngakhale atachepa mu mpweya, kuyambira 4 peresenti mpaka 75. Mu 1977 a NASA, ku malo awo a kafukufuku a Lewis ku Cleveland, anayesa kuonjezera haidirojeni pa injini ya petulo, ndipo anaona kuti injini imatha kuyenda bwino ndi petulo wochepa mu mpweya wambiri. Lipoti limeneli ndi limene amakonda kukuonetsani pa foni. Chimene sakuonetsani n'chakuti a NASA ankatenga haidirojeni m'masilinda ndi pa makina omusefa kuchokera ku methanol, ndipo ankalowetsa woposa theka la kilogalamu pa ola. Inu muli ndi magalamu atatu ndi theka. Injini ya Honda Fit ya malita 1.3, ikamazungulira ka 2,000 pa mphindi mutaponda pang'ono, imameza mpweya wa malita mazana anayi kapena kuposa. Haidirojeni wanu mmenemo sakwana ngakhale theka la peresenti imodzi.

Bodza lina lofala ndi lakuti injini imawotcha 30 peresenti yokha ya petulo, wotsalayo n'kumatuluka ku ekizozi. Asokoneza zinthu ziwiri. Injini yabwino ikatentha imawotcha pafupifupi petulo yense, kupitirira 95 peresenti. Chimene chimatayika ndi kutentha, kudzera mu radiyeta ndi mu ekizozi. Petulo wambiri chonchi akanakhala kuti akutuluka wosayaka, bwenzi msewu wa Simon Mazorodze ukuyaka moto m'mawa uliwonse.

Nkhani za mafuta aulere si zachilendo. Stanley Meyer wa ku America ankati galimoto yake imayendera madzi, ndipo mu 1996 khoti la ku Ohio linagamula kuti anabera anthu amene anaikapo ndalama. Ifenso kuno sitinaiwale dizilo amene sing'anga wina ananama kuti akutuluka m'thanthwe ku Chinhoyi mu 2007, amene anavulitsa nsapato ngakhale akuluakulu a boma.

Yambani ndi kuyeza, botolo lisanafike

Gawo ili ndi limene anthu amalithawa, koma popanda ilo zonse zotsatira ndi nkhambakamwa. Muyenera kudziwa mmene galimoto yanu imamwera lero, ili yokonzedwa, musanaikepo kanthu.

Choyamba ichitireni sevisi yeniyeni. Sinthani sefa ya mpweya, makamaka ngati mwadutsa m'fumbi la Sepitembala ndi Okutobala. Onani mapulagi. Amene muli ndi Fit yakale ya GD1 ya injini ya i-DSI, dziwani kuti mapulagi ake ndi asanu ndi atatu, awiri pa silinda iliyonse, ndipo anayi a kumbuyo aja nthawi zambiri ndimawapeza ali omwe anabwera nawo kuchokera ku Japan. Onani ngati thermostat ilimo. Amakaniko ambiri kuno amaichotsa poganiza kuti akuteteza injini ku kutentha, koma injini yosafika pa kutentha kwake imachititsa kompyuta kumangothira petulo wambiri ngati kuti kukadali m'mawa wa mu Juni. Kwezani galimoto pa jeki, zungulitsani tayala lililonse ndi dzanja kuti muone ngati mabuleki sakugwira. Popani matayala molingana ndi kapepala ka pa chitseko cha dalaivala, ndipo ngati mwagunda maenje a m'misewu yathuyi, kachititseni alignment.

Ndikutsindika zimenezi pa chifukwa. Amene amamanga ma kit amakonda kutsuka throttle body, kusintha mapulagi ndi kupopa matayala tsiku lomwelo, ati n'kukonzekeretsa injini. Galimoto ikayamba kumwa pang'ono, ulemu umapita ku botolo. Inu chitani sevisi payokha, yezani, kenako mange.

Kuyeza kwake n'kotere. Sankhani pampu imodzi pa filing'i siteshoni imodzi, muziimika galimoto moyang'ana mbali yomweyo. Uzani wothira kuti asiye pampu ikangodula koyamba, asamakakamize kapena kugwedeza galimoto. Lembani makilomita. Yendani mpaka thanki itatsala pang'ono, bwererani pa pampu yomweyo, dzazaninso chimodzimodzi, n'kugawa makilomita ndi malita amene alowa. Ngati munasintha saizi ya matayala, musadalire wotchi ya pa dashibodi, gwiritsani ntchito GPS ya pa foni.

Ulendo umodzi waufupi sukwanira. Kupita ku Marondera ndi kubwerera ndi makilomita osafika 150, ndipo Fit ingamwe malita asanu ndi anayi kapena khumi. Pampu ikadula mochedwa kapena mofulumira ndi theka la lita lokha, mwalakwitsa kale ndi 5 peresenti, ndipo mutha kuvina kuti mwapulumutsa pomwe palibe chachitika. Yezani mathanki atatu athunthu kapena kuposa, pa ntchito yanu ya masiku onse, ndipo lembani m'kope. Mudzaona kuti ngakhale popanda botolo manambala amasiyana thanki ndi thanki. Kusiyana kumeneko kusungeni, kudzagwira ntchito kutsogoloku.

Pali msampha wina wa kuno ku Zimbabwe wokha. Petulo wathu ndi blend, wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe wochokera ku Chisumbanje ndi Triangle, ndipo mlingo wake umasinthidwa, nthawi zina E20, nthawi zina kutsika mpaka E10 kapena E5, makamaka m'dzinja pamene kudula nzimbe kwavuta. Ethanol ali ndi magawo awiri okha mwa atatu a mphamvu ya petulo pa lita. Kuchoka pa E20 kupita pa E5 kumakupatsani mphamvu yoonjezera pafupifupi 5 peresenti pa lita iliyonse, inu osakhudza kanthu. Munthu amene wamanga kit sabata imene mlingo watsitsidwa adzalumbira pa manda a agogo ake kuti botolo likugwira ntchito. Choncho muzitsatira zilengezo za ZERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndipo mulembe m'kope lija mlingo wa blend pa thanki iliyonse.

Zida ndi malo ake

Ngati mukupitirizabe, gulani mtundu wa dry cell, umene timalata tapanikizidwa pakati pa mabolodi awiri ndi magasketi a labala, osati wa mtsuko wa galasi wokhala ndi mawaya opiringiza mkati. Timalata tikhale ta stainless 316L. Chilichonse chokhudza madziwo chisakhale cha aluminiyamu, kopa kapena brass, chifukwa mankhwala ake amadya zitsulo zimenezi. Mufunikanso kathanki ka madzi, bubbler, valavu yolola mpweya kupita mbali imodzi, flashback arrestor (kachida kotchinga lawi kuti lisabwerere m'mbuyo), relay ya ma amp 40, fyuzi ya 25 kapena 30, PWM yochepetsera magetsi, ammeter yoyezera ma amp, ndi waya wonenepa wa 6 mm².

Cell imangidwe kutsogolo, kuseri kwa bampala kapena pafupi ndi radiyeta pamene pamadutsa mphepo, kutali ndi manifodi ya ekizozi. Kathanki kakhale pamwamba pa cell kuti madzi azitsika okha ndipo mpweya uzikwera. M'kati mwa galimoto mmene mumakhala anthu, kapena m'buti, musaikemo chilichonse cha zimenezi. Ndinaonapo Toyota Wish itamangidwa botolo pansi pa mpando wa kutsogolo, ili yonyamula ana a sukulu, ndipo mwini wake sanandikonde pa zimene ndinamuuza.

Kuchoka pa kathanki, mpweya upite ku bubbler. Limeneli ndi botolo lolimba lokhala ndi madzi oyera, mpweya umalowera pansi n'kutulukira pamwamba. Ntchito zake ndi ziwiri: kutsuka nkhungu ya mankhwala kuti isafike ku injini, ndi kuzimitsa lawi likabwerera m'mbuyo. Chivindikiro chake chikhale choti chingathe kufwamphuka chokha pakaphulika, osati chomangidwa ndi ulusi wolimba pa botolo la galasi. Valavu ija ikhale pakati pa kathanki ndi bubbler, kuti cell ikazizira usiku isayamwe madzi a mu bubbler. Flashback arrestor ikhale kumapeto, pafupi ndi injini. Paipi yomaliza muikweze m'mwamba kaye isanatsikire ku injini, kuti dontho lililonse lizibwerera m'mbuyo.

Polowera pake ndi pa paipi yaikulu ya labala imene ili pakati pa bokosi la sefa ndi throttle body, kuseri kwa sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, ngati galimoto yanu ili nayo. Musalumikize pa manifodi pamene pali vacuum yamphamvu, chifukwa mukachotsa phazi pa mtsetse injini ikhoza kuyamwa madzi onse a mu bubbler, ndipo madzi sapanikizika, chimene chimapindika ndi conrod. Paipi ya brake booster musaiyandikire n'komwe.

Mawaya: apa ndi pamene magalimoto amapsera

Waya wa positive achoke pa batire, adutse pa fyuzi imene ili pafupi kwambiri ndi batire, osapitirira kutalika kwa chikhatho, kenako relay, PWM, ammeter, mpaka ku cell. Malo onse olumikizira akhale othinidwa ndi ma lug, osati opotokola ndi dzanja n'kukulunga tepi. Ma amp 15 odutsa pa mfundo yofooka kwa maola ambiri amatenthetsa waya mpaka pulasitiki kudontha.

Chofunika kuposa zonse ndi waya wamng'ono woyatsa relay. Cell iziyaka pokhapokha injini ikuzungulira. Anthu ambiri amatenga magetsi pa waya wa wailesi kapena wa choyatsira ndudu, umene umayaka mukangotembenuza kiyi. Ndiye taganizani, mwaima pa renki mukudikira anthu, injini yozima, wailesi ikuimba, botolo likudzaza bokosi la sefa ndi HHO. Mukaliza injini, phuu, bokosi lang'ambika. Pa galimoto ya injekishoni tengani pa waya wopita ku pampu ya petulo, chifukwa kompyuta imaudula injini ikazima. Pa galimoto ya kabureta, monga Mazda B1800 kapena 323 zakale zija, gwiritsani ntchito switchi ya oil pressure kudzera pa relay ina. Onjezeraninso switchi ya pamanja pa dashibodi.

Mukamaliza, yatsani injini pa idle, yatsani magetsi a kutsogolo, fani ndi botolo, n'kuyeza pa batire. Mukapeza pansi pa ma volt 13, alitaneta ikulephera ndipo batire ikudyeka. Alitaneta za tigalimoto ting'onoting'ono sizipereka mphamvu yake yonse pa idle, ndipo mu jamu ya madzulo pa Seke Road mumakhala pa idle nthawi yaitali. Ma Honda ambiri ali ndi kachida kotchedwa ELD m'bokosi la mafyuzi, kamene kamauza kompyuta kuchuluka kwa magetsi akugwiritsidwa ntchito. Katundu wolumikizidwa pa batire mwachindunji kachidako sikamuona, ndiye kompyuta ikhoza kusiya alitaneta itafooka pomwe botolo likukoka.

Kusakaniza madzi

Madzi akhale a distilled, omwe aja a batire koma opanda asidi. A pa mjigo kapena a pampopi ali ndi mchere wa m'nthaka umene umasanduka matope pa timalata. Mankhwala abwino ndi potassium hydroxide. Caustic soda amene amayi opanga sopo amagula amagwiranso ntchito. Mchere wa m'ndiwo ayi, umatulutsa chlorine, mpweya wa poizoni. Soda wophikira therere ayinso, amadya timalata n'kudetsa madzi.

Valani magolovesi ndi magalasi otchinga maso. Thirani madzi kaye m'chidebe cha pulasitiki, kenako muziwazamo mankhwala pang'onopang'ono mukutakasa, chifukwa amatentha akamasungunuka. Yambani ndi kasupuni kamodzi ka tiyi pa lita, yatsani, yang'anani ammeter. Onjezerani pang'ono mpaka ifike ma amp 8 kapena 10 madzi ali ozizira. Musafikitse pa 15 poyamba, chifukwa madziwa akamatentha amalola magetsi ambiri, magetsi ambiri amawatenthetsanso, ndipo zimakwerana choncho mpaka fyuzi kuphulika kapena magasketi kusungunuka. PWM ndi imene imagwira ma amp kuti asathawe. Cell ikatentha moti simungaigwire ndi dzanja, chepetsani. Madzi amenewa akakudontherani m'diso, tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15 ndipo thamangirani ku chipatala, musadikire kuti muone ngati kuwawa kusiya.

Kufufuza podontha mpweya, pakani thovu la sopo pa mfundo zonse. Machesi ayi. Ndikudziwa kuti pa mavidiyo amayatsa tithovu kuti timveke kuphulika, koma HHO ndi mafuta ndi okosijeni zosakanikirana kale, sizidikira mpweya wa kunja, ndipo kamoto kochepetsetsa, ngakhale kothetheka pa juzi, kamakwanira. Pa chifukwa chomwechi musayese kuusunga m'botolo, m'chubu kapena m'silinda.

Kuti mudziwe mmene kit yanu ikutulutsira, dzazani botolo la pulasitiki la lita imodzi ndi madzi, livundikireni m'ndowa ya madzi panja, lowetsani kapaipi pansi pake, n'kuwerenga masekondi mpaka madzi atatha. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndiye kit ya mipata isanu ndi umodzi pa ma amp 15 ikhoza kuonetsa lita ndi kachigawo pa mphindi, koma kulemera kwa haidirojeni n'komwe kuja. Mukaona malita awiri kapena atatu, musakondwe, ndi nthunzi, madzi akuwira. Umboni wina uli pa kathanki: pa mlingo umenewu lita imodzi ya madzi iyenera kutha pakadutsa maola 30 ndi kupitirira. Ngati mukuthira tsiku lililonse, madziwo akudontha kapena akupita mu injini limodzi ndi mankhwala ake.

Kabokosi konamiza kompyuta

Mukadandaula kuti palibe chasintha, wogulitsa adzakuuzani kuti vuto ndi sensa ya okosijeni ya pa ekizozi. Adzati sensayo ikuona okosijeni wochuluka wochokera m'botolo ndiye ikuuza kompyuta kuonjezera petulo, choncho mugule kabokosi kotchedwa EFIE. Mfundoyi siimaima. Okosijeni wa mu HHO ndi wokwanira ndendende kuwotcha haidirojeni wake, akayaka zimabwerera kukhala madzi, palibe wotsala woti sensa imuone.

Chimene EFIE imachita n'kusintha uthenga wa sensa kuti kompyuta iziganiza kuti petulo wachuluka, ndiye imachepetsa. Pamenepa petulo akhozadi kutsika pang'ono, koma watsitsa ndi kabokosiko, botolo lilipo kapena palibe. Mtengo wake mumalipira kwina. Injini inapangidwa kuyendera magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo weniweni, ndipo catalytic converter, kachida ka pa ekizozi, imatsuka utsi bwino pokhapokha pa mlingo umenewo. Mukachepetsa petulo, utsi wa NOx umatuluka wosatsukidwa, ndipo uwu suoneka ndi maso koma umapweteka mapapo. Injini yonyamula katundu pa chitunda ikhoza kuyamba kugogoda, mavalavu a ekizozi n'kupsa. Ine EFIE sindimanga, ngakhale mutandilipira kawiri.

Za kabureta n'zosiyana pang'ono. Kabureta imene inatcheredwa kuyendera m'mbali mwa nyanja, monga ku Durban kapena ku Japan, ikafika kuno kumtunda imathira petulo wopitirira chifukwa mpweya ndi wopepuka. Womanga kit akapotokola sikuluu ndi kusuntha timing, galimoto imasinthadi. Kutchuna kumeneko mukanakupeza kwa makaniko aliyense wodziwa kabureta, popanda botolo.

Pa nkhani ya utsi, musakhutire ndi kununkhiza kapena kuona madzi akudontha ku ekizozi. Lita iliyonse ya petulo ikayaka imapanga pafupifupi lita ya madzi, pomwe botolo limaonjezera magalamu 30 okha pa ola. Pitani pa galaja imene ili ndi gas analyser, ayeze CO ndi HC (mpweya wa poizoni ndi petulo wosayaka wa mu utsi) injini ili yotentha, switchi yozima kenako yoyaka, mphindi yomweyo. Ndipo suzumirani kaye pansi pa galimoto. Magalimoto ambiri a mu Harare anachotsedwa catalytic converter n'kugulitsidwa, pamalo pake n'kuwotcherera paipi wamba. Ngati yanu ili choncho, palibe botolo limene lingachite zimene kachida kaja kankachita.

Kuyeza kwachiwiri

Munthu akalipira ndalama pa chida chopulumutsa petulo, phazi lake limapepuka lokha. Amanyamuka mofatsa, amasiya kuthamangitsana ndi anzake pa maloboti, ndipo zimenezi pazokha zimatsitsa petulo ndithu. Kuti musadzinamize, pemphani m'bale wanu kapena kondakitala kuti akhale woyang'anira fyuzi ya botolo. Nthawi iliyonse mukadzaza thanki, iye aziika kapena kuchotsa fyuziyo osakuuzani, n'kulemba m'kope lake. Ammeter ya pa dashibodi muiphimbe ndi tepi. Inu muzingoyendetsa ndi kulemba malita ndi makilomita monga kale, pampu yomweyo, ntchito yomweyo. Pakatha mathanki atatu mbali iliyonse, ikani makope awiri pamodzi.

Tsopano bwererani ku kusiyana kuja munasunga poyamba. Tinene kuti popanda botolo mathanki anu ankapereka makilomita 14.2, 15.0 ndi 14.6 pa lita. Ngati ndi botolo mukupeza 14.8, palibe chimene mwapeza, nambalayo ili m'kati mwa kugwedezeka kwa masiku onse. Phindu lenileni liyenera kuonekera pa mathanki onse oyatsa, pamwamba pa onse ozimitsa, blend ili yofanana. Ngati muli ndi ka ELM327, kachida kowerengera kompyuta ya galimoto kolumikiza pa soketi ya OBD, ndipo galimoto yanu ikuyankha, popeza zina zakale za ku Japan zimakana, yang'ananinso long term fuel trim, nambala yoonetsa mmene kompyuta ikuonjezera kapena kuchepetsa petulo. Ikakhala yosasuntha botolo likayaka, kompyuta ikukuuzani kuti sikuona kusintha kulikonse.

Pa nthawi yonse yoyesayi, sabata iliyonse masulani paipi yaikulu ija n'kusuzumira mu throttle body ndi tochi. Mukaona ufa woyera kapena timabowo pa aluminiyamu, nkhungu ya mankhwala ikudutsa bubbler. Zimitsani tsiku lomwelo, sinthani madzi a mu bubbler, ndipo musayatsenso mpaka mutapeza chifukwa.

Mukaganiza zomasula, yambani ndi kuchotsa waya pa batire, dikirani cell izizire, tsegulani chivindikiro panja kuti mpweya wotsala uuluke. Bowo limene munaboola pa paipi ya mpweya litsekeni bwinobwino ndi pulagi ya labala ndi kilampu, apo ayi injini izikoka mpweya wosawerengedwa ndi fumbi, idle n'kumavina. Waya wa ku pampu ya petulo umene munasenda muuwotcherere ndi kuuphimba ndi heat shrink. Madzi a mu cell, makamaka akasanduka achikasu kapena ofiirira, ali ndi chromium wochokera ku timalata, wa poizoni. Musawathire mu ngalande, m'dimba la ndiwo kapena pafupi ndi chitsime, popeza ambiri a ife ku Epworth ndi ku Mabvuku timamwa a pansi. Athireni m'chigubu cholimba cha pulasitiki, lembanipo ndi maka kuti poizoni, ikani pamene ana safika, ndipo funsani ku ofesi ya EMA, bungwe loona za chilengedwe, kumene amalandira zinyalala za mtundu umenewu.